Mafunso ndi mayankho: chifukwa chiyani moyo wa anthu a ku Jamaica ndi a ku Afghanistan umasiyana ku Britain?

Mukakwera basi ku London mukhoza kupeza kuti dalaivala ndi mdzukulu wa munthu amene anachokera ku Kingston, likulu la Jamaica, ndipo mnyamata amene wakhala pafupi nanu ndi chikwama cha zakudya zokaperekera anthu m'makomo anabadwira ku Kabul, likulu la Afghanistan. Onsewa amatchedwa "obwera", koma mbiri yawo ndi matumba awo sizifanana. Mafunso ali m'munsimuwa ndi amene amabwera kawirikawiri nkhaniyi ikayambika.

Kodi anthu amenewa alipo angati, ndipo amakhala kuti?

Kalembera wa mu 2021 anapeza kuti ku England ndi ku Wales kunali anthu pafupifupi 142,000 obadwira ku Jamaica. Zaka khumi m'mbuyomo analipo pafupifupi 160,000. Chiwerengero chikutsika chifukwa ambiri ndi okalamba: ena akumwalira, ena anabwerera kwawo. Koma ana awo ndi zidzukulu, obadwira ku Britain komweko, ndi ochuluka kuposa makolowo. Anthu oposa 600,000 anadzilembetsa kuti ndi akuda ochokera ku zilumba za Caribbean, ndipo gawo lalikulu la iwowa mizu yawo ili ku Jamaica.

Obadwira ku Afghanistan anali pafupifupi 15,000 okha mu 2001. Pofika 2011 anali atapitirira 60,000, ndipo mu 2021 anali pafupifupi 85,000. Dziwani kuti kalemberayo anachitika mu March, Kabul isanagwe m'manja mwa a Taliban, choncho amene anabwera pambuyo pake sali m'chiwerengerocho.

A ku Jamaica mudzawapeza ku Brixton, Harlesden, Tottenham ndi Croydon mu London, ku Handsworth mu Birmingham, ku Moss Side mu Manchester ndi ku St Pauls mu Bristol. A ku Afghanistan anachulukana kumadzulo kwa London: Harrow, Southall, Hounslow ndi Hayes, komanso ku Birmingham.

A ku Jamaica anafika bwanji ku Britain?

Anafika ngati nzika. Mfundo imeneyi muigwire, chifukwa mayankho ambiri m'munsimu atsamira pa iyo. Jamaica inali pansi pa Britain mpaka pa 6 August 1962, ndipo lamulo la unzika la mu 1948 linapatsa anthu a m'maiko olamulidwa ndi Britain ufulu wolowa, kukhala ndi kugwira ntchito. Sitima ya Empire Windrush itatsitsa anthu ku Tilbury pa 22 June 1948, amene anatsikawo sanali kupempha chifundo kwa wina aliyense. Ena mwa iwo anali atamenyera kale nkhondo Britain m'gulu la ndege zankhondo. Amene analibe kofikira anawagoneka m'chidzenje chobisalamo anthu pothawa mabomba ku Clapham South, ndipo ofesi yapafupi yolembera ntchito inali ku Coldharbour Lane mu Brixton. Ndi mmene Brixton inayambira kukhala mudzi wawo.

Ku Jamaica kunali ulova, mphepo yamkuntho ya mu 1951 inali itawononga minda, ndipo America inachepetsa khomo lake ndi lamulo la mu 1952. Britain nayo inkasowa manja m'mafakitale, m'mabasi, m'sitima ndi m'zipatala za boma zimene zinali zitangokhazikitsidwa mu July 1948. Khomo linayamba kutsekedwa ndi lamulo la mu 1962, kenako la mu 1971. Kuyambira mu 2003 munthu wa ku Jamaica amafunika viza ngakhale akungobwera kudzaona abale.

Nanga a ku Afghanistan?

Iwowa anathawa nkhondo, ndipo anabwera m'magulumagulu malinga ndi mmene zinthu zinkaipira kwawo. Asilikali a Soviet Union analowa mu December 1979 n'kutuluka mu 1989. Boma la Najibullah linagwa mu 1992, magulu ankhondo n'kuyamba kulimbirana Kabul. A Taliban analanda mzindawo mu 1996, anachotsedwa mu 2001, n'kubwereranso pa 15 August 2021. Masabata awiri otsatira, ndege za Britain zinasamutsa anthu pafupifupi 15,000 kuchoka pa bwalo la ndege la Kabul.

Boma linatsegula njira ziwiri zapadera: ARAP, ya amene ankagwira ntchito ndi asilikali a Britain monga omasulira, ndi ACRS, imene inatsegulidwa mu January 2022. Koma ena ambiri sanadutse m'njira zimenezi. Anayenda pansi kudzera ku Iran ndi Turkey, kudutsa Ulaya yense, ena n'kuwoloka nyanja pa timabwato tamphira kuchokera ku France. Mu 2023 ndi 2024, anthu a ku Afghanistan ndiwo anali ochuluka kuposa a dziko lina lililonse pa timabwatoto. Ulendo wotere umadya ndalama zambiri, ndipo kawirikawiri banja limagulitsa munda kapena kukongola kuti mwana mmodzi apite. Mnyamatayo amafika pa doko la Dover ku Britain ali kale ndi ngongole pamutu.

Kodi njira imene munthu analowera imakhudza bwanji thumba lake?

Imakhudza kwambiri, mwina kuposa china chilichonse. Mwamuna wa ku Jamaica wofika Lolemba mu 1955 ankatha kuyamba ntchito sabata yomweyo. Malipiro anali ochepa, ntchito inali imene azungu ankaikana, koma zaka zinkawerengedwa ndipo penshoni inkasonkhana.

Munthu wopempha chitetezo ngati wothawa kwawo saloledwa kugwira ntchito pamene nkhani yake ikuunikidwa. Ikatha miyezi 12 osayankhidwa akhoza kupempha chilolezo, koma cha ntchito zochepa zimene zili pa mndandanda wa boma. Pakadali pano amalandira mapaundi pafupifupi 49 pa sabata, ndipo amene ali mu hotela yodyetsedwa amalandira osafika mapaundi 10. Sasankha kokhala. Kuyambira lamulo la mu 1999, boma limamwaza anthu otere m'matauni mmene lendi ndi yotsika, komwenso kawirikawiri ntchito ndi zosowa. Amene amadziwa za msasa wa Dzaleka ku Dowa amvetsa msanga zimene kukhala chaka ndi chaka manja ali lende kumachita pa munthu wa luso.

Akavomerezedwa, amapatsidwa masabata owerengeka kuti atuluke m'nyumba ya boma, apeze pogona ndi kutsegula akaunti ku banki. Ambiri amagwera pa ntchito iliyonse imene yapezeka, ndipo imeneyo ndi imene imawamata zaka zambiri.

Ndiye tinene kuti ndani ali pabwino pa chuma?

Tikatenga gulu lonse, a ku Jamaica ali patsogolo. Ambiri ali pa ntchito zokhazikika, ali ndi mapepala, ndipo okalamba ali ndi penshoni. Mabanja ofika kumene a ku Afghanistan ali m'gulu la osaukitsitsa m'dzikomo.

Koma musathamangire kuganiza kuti a ku Jamaica anafika. Kafukufuku wa ofesi ya boma yowerengera zinthu, wa zaka za 2016 mpaka 2018, anaonetsa kuti banja lapakatikati la azungu a ku Britain linali ndi chuma cha mapaundi pafupifupi 314,000, pamene banja lapakatikati la akuda a ku Caribbean linali ndi pafupifupi 86,000. Pa zaka zomwezo, mabanja 68 pa 100 alionse a azungu ankakhala m'nyumba zawozawo, koma a ku Caribbean anali 40 pa 100. Apa tikunena za anthu amene atha zaka zoposa 70 m'dzikomo, olankhula Chingerezi, opemphera m'matchalitchi, osewera kriketi. Kwa ine chodabwitsa si chakuti a ku Afghanistan ali m'mbuyo, popeza angofika kumene. Chodabwitsa n'chakuti zaka zonsezo sizinawakweze a ku Jamaica mmene zikanayenera.

Pa ziwerengero pali vuto limodzi: mafomu a boma alibe bokosi la "Afghan". Ambiri amalowa m'gulu la "a ku Asia ena", limodzi ndi a ku Sri Lanka, Philippines ndi Nepal, amene moyo wawo ndi wosiyana kwambiri. A ku Jamaica nawonso amaphatikizidwa ndi a ku Barbados ndi Trinidad. Mukaona tebulo loyerekezera magulu awiriwa, yambani mwafunsa kuti awerenga ndani.

Ngati ankadziwa Chingerezi ndipo anali nzika, chinawatsekereza a ku Jamaica n'chiyani?

Khungu. Mpaka mu 1968 panalibe lamulo loletsa mwininyumba kapena bwana kukana munthu chifukwa ndi wakuda. Kalipentala kapena telala waluso ankalembedwa ngati wosesa. Atsikana ambiri obwera kudzaphunzira unamwino ankawakankhira ku maphunziro a zaka ziwiri, amene sankatsegula njira yokwezedwa pa udindo, m'malo mwa a zaka zitatu. Ku Bristol kampani ya mabasi inkakana kulemba akuda ntchito ya udalaivala ndi ukondakitala mpaka anthu atanyanyala kukwera mabasi mu 1963.

Mabanki sankawakongoza ndalama zogulira nyumba, choncho anadzithandiza ndi chimene amachitcha pardner. Ndi chipereganyu chathu chomwechi: anthu khumi kapena makumi awiri amasonkha ndalama yofanana sabata iliyonse kwa mayi mmodzi wodalirika, ndipo mmodzi amatenga zonse, sabata inayo wina. Nyumba zambiri za ku Brixton ndi Handsworth zinagulidwa choncho, mwiniwake n'kumagona chipinda chimodzi, zinazo n'kuchititsa lendi kwa anzake ofika kumene. Amene anagula n'kusunga, lero ali ndi nyumba ya ndalama zochuluka. Koma zidzukulu zawo sizingakwanitse kugula m'misewu yomweyo, ndipo nyumba imodzi ikagawidwa kwa ana asanu sipatsala zambiri.

Bala lalikulu linali kusukulu. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, ana ambiri a ku Caribbean anatumizidwa ku masukulu a ana amene ankati ndi "operewera nzeru", kawirikawiri chifukwa mphunzitsi sankamva kalankhulidwe kawo ka Patois. Mphunzitsi wina wa ku Grenada, Bernard Coard, anaulula zimenezi mu 1971, ndipo makolo anayamba kutsegula masukulu awoawo a Loweruka. Ana amenewo ndiwo anakula n'kukumana ndi kutsekedwa kwa mafakitale m'zaka za m'ma 1980, komanso apolisi owagwira mumsewu pongowakayikira. Brixton inayaka moto mu 1981. Mpaka lero ana a ku Caribbean amachotsedwa sukulu kawirikawiri kuposa anzawo achizungu.

Nkhani ya Windrush ya mu 2018 inali yotani?

Kuyambira mu 2012 boma linakhwimitsa malamulo kuti aliyense wofuna ntchito, nyumba ya lendi kapena thandizo la kuchipatala aonetse mapepala. Anthu ambiri amene anabwera ali ana, pa pasipoti ya makolo awo, analibe pepala lililonse chifukwa sanalifunepo. Makadi olembetsera pofika, amene akanawachitira umboni, boma linali litawawononga mu 2010. Agogo amene anakhoma msonkho zaka 40 anachotsedwa ntchito, ena anatsekeredwa, ndipo osachepera 83 anathamangitsidwa m'dziko molakwika. Nduna ya za m'dziko, Amber Rudd, inatula pansi udindo mu April 2018, ndipo ndondomeko ya chipukuta misozi inayamba mu 2019. Ena anamwalira asanalandire kanthu.

Pa chuma, munthu wochotsedwa ntchito ali ndi zaka 58 sabwereranso pamene anali.

Bwanji munthu amene anali dokotala kapena woweruza ku Kabul akuyendetsa takisi?

Satifiketi yake siigwira ntchito mpaka itavomerezedwa. Dokotala ayenera kukhoza mayeso a Chingerezi pa mlingo wapamwamba, kenako mayeso a udokotala otchedwa PLAB, asanalembetsedwe ndi bungwe la madokotala. Zimenezi zimafuna ndalama ndi nthawi yowerenga, pamene ana akufuna chakudya lero. Woweruza kapena loya ndiye zake n'zovutirapo, chifukwa malamulo amene anaphunzira ndi a dziko lina. Ena anathawa opanda n'komwe mapepala a sukulu, ndipo kuitanitsa ku yunivesite imene ili m'manja mwa a Taliban si nkhani yapafupi.

Takisi, kuperekera zakudya pa njinga, sitolo ya mafoni, malo otsukira magalimoto: ntchito zimenezi sizifunsa satifiketi, ndipo m'bale amene anafika kale akhoza kukulowetsa mawa. N'chifukwa chake a ku Afghanistan ambiri amadzilemba okha ntchito, pamene a ku Jamaica anazolowera ntchito za malipiro a pamwezi m'boma, m'makhonsolo, m'zipatala ndi m'zamtengatenga. Ntchito ya boma imabwera ndi penshoni ndi bungwe la apantchito. Ya takisi imafuna maola 12 pa tsiku, ndipo ukadwala palibe cholowa.

Tisaiwalenso kuti si onse anaphunzira. Ku Afghanistan akuluakulu odziwa kuwerenga safika theka, ndipo mwa amayi ndi ochepa kwambiri. Kuphunzira Chingerezi uli ndi zaka 40, usanagwirepo cholembera ngakhale m'chilankhulo chako cha Dari kapena Pashto, ndi phiri lalitali.

Nanga amayi?

Apa ndi pamene magulu awiriwa atalikirana kwambiri. Amayi a ku Jamaica ambiri anabwera paokha, kudzagwira ntchito, ena n'kusiya ana kwa agogo kuti adzawaitane pambuyo. Mpaka lero amayi a ku Caribbean ali m'gulu la amayi ogwira ntchito kwambiri ku Britain, ndipo pa maphunziro apamwamba amaposa amuna a kwawo. Komabe mabanja ambiri amayendetsedwa ndi mayi yekha, choncho malipiro amodzi ndiwo amanyamula lendi ya London, magetsi ndi ana.

Pa mabanja a ku Afghanistan malipiro amakhalanso amodzi, koma a bambo, ndipo pakamwa podyetsa ndi pambiri. Amayi ambiri sagwira ntchito yolipidwa: ana ang'onoang'ono, Chingerezi, kusowa wowasiyira mwana kuti apite ku kalasi, ndiponso m'mabanja ena mwambo. Koma atsikana awo ndi nkhani ina. Kwawo a Taliban anatseka masekondale a atsikana mu 2021 ndi mayunivesite mu December 2022, ndipo makolo amene anathawa zimenezo sasewera ndi sukulu ya mwana wamkazi.

Chifukwa chiyani mabanja a ku Afghanistan anakhalitsa m'mahotela?

Nyumba za ku Britain zimamangidwira mabanja aang'ono. Banja la anthu 8 kapena 9 limafuna zipinda zogona zinayi kapena zisanu, ndipo makhonsolo alibe nyumba zotere zokwanira. Za eni ake n'zodula kuposa thandizo la lendi limene boma limapereka. Choncho anthu amene anasamutsidwa mu August 2021 ambiri anakhala m'mahotela pafupifupi zaka ziwiri, mpaka boma litawauza mu 2023 kuti atuluke. Mawu akuti hotela amamveka ngati chisangalalo, koma ganizirani mayi amene sangaphikire ana ake ngakhale mpunga kwa miyezi 20, ana akulembera homuweki pabedi, bambo akuopa kuyamba ntchito chifukwa sakudziwa ngati mwezi wamawa adzakhala ku Leeds kapena ku Aberdeen. Za mmene a ku Jamaica anapezera nyumba, onani yankho la funso la chimene chinawatsekereza.

Kodi a ku Afghanistan onse ali m'mavuto ofanana?

Ayi. Pitani ku Southall Broadway Loweruka masana. Masitolo ambiri a nsalu ndi mafoni, timashopu tating'ono togawana khomo limodzi, ndi a Asikh ochokera ku Kabul ndi Jalalabad amene anathawa m'zaka za m'ma 1990. Anali amalonda kale kwawo, amalankhula Punjabi, ndipo anafikira pakati pa Asikh a ku India amene anali atakhazikika. Mnyamata wa Chihazara, mtundu wina wa ku Afghanistan, amene anafika yekha ali ndi zaka 16 analibe zonsezo. Palinso mabanja ophunzira a ku Kabul amene anabwera kalekale, ana awo pano ndi madokotala ndi maloya.

Chimodzimodzi a ku Jamaica. Namwino wolembedwa ntchito kuchokera ku Kingston chaka chatha ndi mdzukulu wa munthu wa pa Windrush ndi anthu awiri osiyana, ngakhale onse amagula nsomba yamchere pa msika wa Brixton.

Si chikhalidwe kapena chipembedzo chimene chimabweretsa kusiyanaku?

Funso limeneli limabwera ndi mayankho ake m'thumba: akuti awa ndi aulesi, awo ndi otsekereza akazi. Chikhalidwe chili ndi gawo lake, monga taonera pa kukula kwa banja ndi ntchito za amayi. Koma yesani maganizo amenewa ndi America. Anthu a ku Jamaica omwewo, a chikhalidwe chomwecho, ku New York ndi ku Florida amadziwika ngati obwera olimbikira, ogula nyumba, ndipo mabanja awo amapeza bwino kuposa mabanja ambiri a akuda obadwira komweko. Chinasintha si chikhalidwe. America inatsegula khomo mu 1965 ndipo inakoka anamwino, aphunzitsi ndi anthu a maluso, pa nthawi imene malamulo oletsa tsankho anali atangokhazikitsidwa. Britain inalandira anthu ake zaka 20 malamulo otere asanakhwime.

Tsankho nalonso lili mitundumitundu. Mnyamata wakuda amaimitsidwa ndi apolisi. Mnyamata wa dzina la Chisilamu amakayikiridwa pa bwalo la ndege ndipo kalata yake yofunsira ntchito siyankhidwa.

Ndalama zotumiza kumudzi zimawakhudza mofanana?

Onse amatumiza, koma katundu wake ndi wosiyana. Jamaica imalandira madola oposa 3 biliyoni pa chaka kuchokera kwa ana ake akunja, ndipo njira zake n'zokhazikika: mabanki, mabungwe osungitsa ndalama zomangira nyumba, ndi migolo ya katundu yotumizidwa pa sitima Khirisimasi ikayandikira. Ambiri anamanga nyumba zopumiramo, makamaka ku Mandeville kumene kuli kozizira. Penshoni ya boma la Britain imakwera chaka ndi chaka ngakhale munthu akukhala ku Jamaica, chifukwa maiko awiriwa ali ndi pangano. Mmalawi wobwerera ku Zomba alibe mwayi umenewo, yake imaima pamene inali tsiku lonyamuka.

Wa ku Afghanistan samanga nyumba yopumiramo. Ndalama yake ndi ya ufa, mankhwala ndi ngongole ya ulendo ija, kawirikawiri ya abale amene nawonso ndi othawa ku Pakistan kapena Iran, kumene akuthamangitsidwanso. Mabanki atasokonekera mu 2021, ambiri anadalira hawala: umapereka mapaundi kwa wamalonda ku London, mnzake ku Herat n'kupereka ndalama za kumeneko kwa mayi ako tsiku lomwelo.

Ndani ali ndi mawu pa ndale?

A ku Jamaica, mosakayika. Nzika za maiko a Commonwealth zokhala ku Britain movomerezeka zimavota, choncho iwowa akhala ndi voti kuyambira pachiyambi. Diane Abbott, mwana wa makolo a ku Jamaica, anakhala mayi woyamba wakuda kulowa m'nyumba ya malamulo mu 1987. Bill Morris, wobadwira ku Jamaica, anatsogolera bungwe lalikulu la apantchito la TGWU kuyambira 1992 mpaka 2003. Stephen Lawrence, mnyamata wakuda wa makolo a ku Jamaica, ataphedwa chifukwa cha tsankho ku Eltham mu London mu 1993, makolo ake analimbana mpaka lipoti la Macpherson la mu 1999 linanena poyera kuti apolisi a mu London ali ndi tsankho lozikika, ndipo mayi ake, Doreen Lawrence, analowa m'nyumba yachiwiri ya malamulo, ya ma Lord, mu 2013.

Afghanistan sili mu Commonwealth, choncho wothawa kwawo savota mpaka atakhala nzika, zimene zimatenga zaka zambiri ndi ndalama zoposa mapaundi 1,000 pa munthu mmodzi. Nkhani zawo kawirikawiri zimawalankhulira ena: maloya, mabungwe achifundo, ndi asilikali akale a Britain amene anagwira nawo ntchito m'chigawo cha Helmand ku Afghanistan. Mu July 2025 zinadziwika kuti mayina a anthu pafupifupi 19,000 amene anapempha kusamutsidwa anatayikira kunja molakwika mu February 2022, ndipo khoti linaletsa atolankhani kutchula nkhaniyo kwa zaka pafupifupi ziwiri. Eni mayinawo ambiri anaimva tsiku limodzi ndi wina aliyense.